Kuledzera kwa Munthu Wosamwa

9 Febuluwale

Okondedwa amayi a kunyumba,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa ana ndi zidzukulu, osaiwala tonde uja wa nyanga imodzi wofanana nkhope ndi alamu anga. Ine kuno ndilipo, ndikupumira mphuno zonse ziwiri.

Nkhani ndi iyi. Zaka makumi anayi mwakhala mukundinena kuti ndine munthu wowawa ngati ndulu. Tsopano achipatala akutsutsani. Andiyeza, ndipo apeza kuti pa anthu onse amene tinali pa benchi Lachiwiri, wotsekemera kwambiri ndinali ine. Akuti ndili ndi shuga.

Chinandipititsa kumeneko ndi ludzu ndi mkodzo. Ndimamwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo, ndiye kuntchito kutsika makwerero opakira penti kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Kapitawo wathu anafika pondifunsa ngati ndabisa mkazi kuseri kwa chimbudzi. Nesi anandibaya chala, nadontheza magazi pa kamakina konga bokosi la machesi. Anayang'ana kamakinako, nayang'ana ine, nkufunsa kuti ndabwera ndi ndani. Ndinati ndabwera ndi miyendo yanga iwiri. Sanaseke. Mayi ameneyu ndikuganiza kuti mano ake amawasiya kunyumba akamabwera kuntchito.

Anandipatsa mapiritsi a mitundu iwiri, lalikulu loyera ndi kena kakang'ono ngati nsabwe, komanso pepala lojambulapo mbale. Theka la mbaleyo masamba okhaokha. Ndinamuuza kuti walakwitsa, wandipatsa pepala la mbuzi. Iye anati: "Bambo, matendawa sachoka. Muzolowerane nawo." Ndinapinda pepala lija nkutuluka osaponya nthabwala ina. Inu mukudziwa kuti zimenezi sizinandichitikirepo.

Tsono mverani. Nkhaniyi ikhale ya inu ndi ine. Makamaka dalaivala wa basi amene amatinyamulira makalatayu asaimve, poti pakamwa pake palibe chitseko. Kampani yathu ya penti ili ndi lamulo lakuti munthu wa matenda ogwetsa sakwera makwerero, ndipo pansi palibe ntchito ya nkhalamba. Ine amandisunga chifukwa cha dzanja langa, poti mzere wa m'mwamba, pamene khoma limakumana ndi siling'i, ndimaudula popanda kumata tepi. Akangonditsitsa, basi ndatsika mpaka kwathu.

Chitseko cha khitchini muuze mkamwini achikonze mvula isanachimalize. Asanene kuti alibe misomali, ndinamusiyira chitini chodzaza.

Ine nkhalamba yanu yotsekemera.

2 Malichi

Okondedwa amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kupatula bondo lanu. Ine ndili choncho.

Mwalemba kuti popeza shuga wandichulukira ndikutumizireniko mapaketi awiri, kumeneko wakwera mtengo. Ndaseka mpaka mlonda amene ndimakhala naye chipinda chimodzi anadzuka nkunditukwana, poti iye usana ndiye usiku wake. Mwandigonjetsa, ndavomera. Koma amayi, ulendo uno sindikucheza. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndinawanenanso chaka chija ndinakulemberani kuti andikweza kukhala manijala, kalata yake nditaidinda ndi chidindo chosema pa mbatata, inu nkuitana azibale anu onse. Ija inali nthabwala. Iyi ayi.

Vuto lalikulu ndi ketulo. Tilipo asanu ndi mmodzi m'gulu lathu, ketulo ndi imodzi. Wophika tiyi ndi Chigubu, mnzathu amene mimba yake imalowa m'chipinda mwini wake asanafike. Shuga sathira m'makapu, amathira m'ketulo momwemo, ndi chikhatho, kanayi. Aliyense theka la lofu ya buledi woyera, Lachisanu kuwonjezera botolo la zoziziritsa kukhosi. Zaka zonsezi chakudya chathu chamasana ndi chimenecho. Ndiye munthu kukana tiyi wa m'ketulo ndi mlandu. Amati ukudzimva, kapena ukuganiza kuti anzako akuthirira mankhwala.

Ndinawauza kuti ndalowa mpingo watsopano woletsa shuga, dzina lake Mpingo wa Owawidwa. Chigubu anafuna kumva nyimbo zake. Ndinapeka ziwiri pomwepo, tsopano gulu lonse likuziimba popaka. Amayamba andithirira m'kapu mwanga shuga asanalowe, nkumati abusa amwe kaye. Tiyi wake amakoma ngati madzi otsukira bulashi.

Mowa ndinausiya tsiku limodzi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, m'mawa uja munakulunga mphasa nkutenga ana kubwerera kwanu, ine nkukutsatirani wopanda nsapato. Ndinalumbira pamaso pa amayi anu, ndipo mpaka lero sindinalawe. Ndimayesa chimenecho ndiye chinali chovuta. Shuga ndi wina. Mowa umakhala ku bala, ukaufuna umachita kuupitira. Uyu ali m'buledi, ali mu mpunga, ali paliponse pamene munthu wosauka amakhutira. Kabichi mmodzi kuno mtengo wake ndi wa malofu awiri, ndipo ukamudya, pakangotha ola mimba imafunsa kuti chakudya chija chibwera liti.

Bondolo muzilipumitsa. Madzi zizitunga zidzukulu, nchifukwa chake zilipo.

Ine m'busa wanu.

6 Epulo

Okondedwa amayi,

Moni nonse kumeneko. Ine moyo ulipo, ngakhale lamba ndamuboola mabowo awiri atsopano. Mukandiona kumbuyo mudzati mnyamata, kungoti nkhope inatsalira.

Nesi uja tinakumananso, ndipo anandikalipira ngati mwana wa sitandade wani. Ndinamva kuti zipatso nzololedwa, ndiye ndimadya nthochi zisanu ndi imodzi pakamodzi. Ndinagulanso uchi, poganiza kuti wa njuchi si wa kufakitale. Akuti zonsezo ndi mbava imodzi yongosintha malaya. Anandifunsa zimene ndimadya, ine kutchula, iye kukana, ine kutchula, iye kuchepetsa, mpaka ndinamufunsa ngati mpweya uli wololedwa. Kenaka anandivulitsa nsapato, nagwiragwira zala za kumapazi ndi kawaya, kufunsa ngati ndikumva. Zina ndinamva. Ndinakumbuka malume anu, kuti iwonso zinayambira pa chala. Tisiye zimenezo.

M'chipinda muno chitofu ndi cha mphika umodzi, ndipo timasinthana ndi mlonda. Ndikamaphika kabichi ndi nyemba iye amatsegula zenera nkuyang'ana kumwamba ngati akupemphera. Akuti kuntchito kwake akuba samuopsa ngati mphika wanga. Kunyamula zimenezi kupita nazo kuntchito sindingathe, Chigubu angafunse zambiri. Ndiye ndapeza nzeru yanga. Ngati chakudya chilichonse chili ndi mlandu, masana ndisamadye kanthu. M'mawa mapiritsi ndi tiyi wowawa, madzulo mphika. Nambala ya pa kamakina kaja yatsika, nesi anagwedeza mutu koyamba. Sindinamuuze njira yake, mmisiri aliyense ali ndi chinsinsi chake.

Kungoti ikamakwana leveni dzanja limachita zachilendo. Lachinayi mzere wanga unayenda ngati njoka pa khoma la chipinda cha ana m'nyumba imene tikupakayi, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Ndinafufuta msanga kapitawo asanalowe. Anzanga anaona, koma anayesa ndi masewera anga aja. Paja kapitawo akatifulumizitsa ndimachita ngati ndikufa, kugwira pamtima, kutembenuza maso, nkusiya mawu akuti bulashi yanga adzampatse Chigubu, nsapato adzampatse kapitawo kuti azithamanga yekha. Masewera amenewa andibisa bwino sabata ino.

Nkhuku zofungatira musazisiye pansi, galu wa aneba sanalape. Ndakutumizirani mafuta opaka bondo, ali m'sokosi.

Ine mwamuna wanu.

4 Meyi

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Zolembazi zikaoneka ngati mapazi a nkhuku musadabwe. Dzanja lamanja lili m'bandeji, ndikulemba ndi lamanzere limene silinapite kusukulu.

Palibe chachikulu. Lolemba ndinatsika makwerero mofulumira kuposa masiku onse. Fupa silinathyoke. Kapitawo wandipatsa sabata imodzi yopuma, ndiye mwezi uno zimene ndimatumiza zichepako, mundikhululukire. Kupuma kwake ndi kukhala pa bedi osakhosomola, kuopa kudzutsa mlonda. Ndaona kuti amene anapaka chipinda chino analibe chisoni ndi ntchito yake. Masiku asanu ndakhala ndikuyang'ana mzere wake wokhota.

Nesi wamva za nzeru yanga ija yosadya masana. Ulendo uno sanakalipe, anangokhala pansi nkugwira kumutu. Akuti kapiritsi kakang'ono kaja kamatsitsa shuga kaya wadya kaya sunadye, ndipo akatsikitsa munthu amagwa, ena sadzukanso. Tsono mankhwala ake mukuwadziwa? Maswiti. Wandilamula kuyenda ndi maswiti atatu m'thumba. Matenda a shuga, mankhwala ake shuga. Amene anapanga matendawa ndi mnzanga, nthabwala amazidziwa.

Dalaivala akakuuzani zinazake za kuno, mumvere khutu limodzi. Munthu uja nkhani amathira mchere kawiri.

Mvula ikatha mkamwini akwere padenga, aone lata lija la pakona.

Ine mwamuna wanu.

1 Juni

Amayi,

Moni. Basi yabwera kawiri yopanda kalata yanu. Dalaivala akuti yanga munalandira nkuiponya m'dengu osatsegula. Nditamupanikiza anavomera zimene anakuuzani, kuti anandinyamula kuntchito nditaledzera. Ndiye lero ndilemba zonse mmene zinalili.

Linali Lolemba, cha m'ma leveni. Ndinali pamwamba m'chipinda chochezera, ndikudula mzere. Ndinaona siling'i ikupita kutali. Ndinafuna kuitana Chigubu koma lilime linalemera ngati la ng'ombe, mawu akutuluka osagwirana. Ndinatsika masitepe awiri, yachitatu sindinaipeze. Ndili pansi pa nsalu zotchingira matailosi, penti ali m'khutu, ndimawamva akuseka. Chigubu amawomba m'manja, akuti lero abusa afa bwino kuposa masiku onse, wina awafunse kuti bulashi asiyira ndani. Kenaka anayambitsa nyimbo ija ndinapeka. Ine ndimati ndithandizeni, iwo amamva ngati ndikuimba nawo. Sindikuwada. Ndinawaphunzitsa ndekha.

Amene anandipulumutsa ndi mayi mwini nyumba. Anabwera kudzaona phokoso, nandiyang'ana kamodzi, nkuthamangira madzi a zipatso a ana ake. Iye anayesa ndi njala, ndipo sanalakwe kwenikweni. Anandimwetsa pang'onopang'ono mpaka ndinadzuka, ndikudzandira, ndikulankhula zosamveka. Kapitawo analowa nthawi imeneyo. Paja nkhani za uchidakwa wanga wakale ndimawasimbira ndekha pa tiyi. Anandiyang'ana nati: "Madala, mwayambiranso?"

Tsono amayi, apa muwerenge mofatsa. Lamulo la kampani likuti woledzera pa ntchito koyamba amuimitse sabata imodzi, kenaka abwerere. Wa matenda ogwetsa, makwerero basi mpaka kale. Ndinasankha nditakhala pa chidebe, mutu ukuzungulira. Ndinati: "Pepani bwana, ndi wa dzulo, sunathe m'mutu." Ndinagula ntchito ndi dzina langa. Ndimayesa bodzalo lithera konkuno. Ndinaiwala kuti basi imanyamula ndi mawu omwe.

Sindinamwe. Ndaikamo pepala la kuchipatala kuti muone nokha. Yankhani mzere umodzi, ngakhale wotukwana.

Ine mwamuna wanu.

29 Juni

Amayi,

Moni kwa inu ndi onse. Ine thupi likuyesa, bandeji anachotsa, ndabwerera pamwamba.

Ndalandira kapepala ka mwana wathu wamkazi, mizere inayi. Akuti muli bwino. Akuti pepala la kuchipatala mwaliona, ndipo mwati chidindo chake nchokongola, mbatata za kuno zikuoneka kuti nzazikulu. Akuti mwasamutsira zovala zanu kunyumba kwake, mukugona ndi zidzukulu. Ndawerenga kangapo kufunafuna pamene pali nthabwala. Sindinapapeze.

Kudya ndazolowera tsopano, ngati mukufuna kudziwa. M'mawa mazira awiri owiritsa ndi magawo awiri a buledi wabulawuni. Cha m'ma teni mtedza wodzaza chikhatho, ndimadyera pamwamba pa makwerero nditayang'ana kukhoma. Masana nyemba za m'kabotolo ka jamu, kuseri kwa galimoto ya kampani, kumeza mothamanga ngati ndaba. Madzulo mpunga wofanana ndi chibakera changa, osati cha Chigubu, ndi masamba ambiri. Dzanja silinjenjemeranso, mizere ikuwongoka, ludzu lija linapita. Nesi anati ndine wodwala wake womvera, ndipo anamwetulira. Mano ali nawo onse. Ndinatuluka ndikuganiza mmene ndidzakulembereni nkhaniyi kuti museke, nkukumbuka kuti mwina simutsegula.

Kuntchito Mpingo wa Owawidwa unatha. Tsopano ndine Madala a Dzulo. Ndikangoyasamula amafunsa kuti wa dzulo uja unali wa mtundu wanji, ine nkumatchula, iwo nkumaseka. Lachisanu Chigubu anandibisira botolo la mowa m'chikwama, mwachikondi, akuti ndisamavutike kubisala, tonse ndife anthu. Ndinafika nalo m'chipinda nkuliika pa tebulo. Ndinaganiza kuti chilango chake ndalandira kale, kuno ndi kunyumba komwe, bwanji osangolawa chimene anandimenyera. Tinayang'anizana nthawi yaitali, ine ndi botololo. Mlonda atadzuka kuti azipita kuntchito ndinamupatsa. Sindikudziwa ngati Lachisanu likubwerali ndidzamupatsanso.

Nyumba ija ngati simukugonamo, mkamwini azitsegulako mazenera. Nyumba yotsekedwa imadwala.

Ine yemwe uja.

20 Julaye

Okondedwa amayi,

Moni, ndi ana ndi zidzukulu. Ine ndilipo. Kalata yanu sinabwere, ndipo sindikuidikiranso, poti yankho ndidzalitenga ndekha.

Lachitatu pa tiyi, onse atakhala pa zidebe, ndinaimirira nkuvula chipewa. Ndinati ndili ndi shuga kuyambira Febuluwale, tsiku lija sindinaledzere, ndinanama. Anaseka mpaka Chigubu anatsamwa ndi buledi. Kapitawo anati iyi ndiye yaposa ya mpingo ija. Ndinatulutsa mapiritsi, khadi la kuchipatala, maswiti atatu ndi kabotolo ka nyemba, nkuyala pa chivindikiro cha chidebe ngati wogulitsa pamsika. Ndinadikira. Kuseka kunatha pang'onopang'ono, ngati mvula ikamaleka pa malata. Chigubu anafunsa ngati tsiku lija ndimafadi pamene iye amawomba m'manja. Ndinati pang'ono chabe. Anatuluka panja, tiyi wake anazizirira pomwepo.

Kapitawo anandiitanira ku galimoto. Anafunsa ngati ndikudziwa chimene ndachita. Anati iye sanamve kanthu, ndibweze mawu anga, enawo awauza kuti inali nthabwala ndipo akhulupirira. Ndi munthu wabwino. Ndinati: "Ayi bwana, lembani m'buku, ndipo mulembe zilembo zazikulu." Analemba. Makwerero tsopano ndi a wina, ndipo mwezi ukatha ntchito yatha. Masiku otsalawa ndikutsuka mabulashi ndi kupala madontho pansi, nkumaona mnzathu akudula mzere wanga atamata tepi khoma lonse. Ndimayang'ana kumbali.

Dalaivala ndamuuza ndekha, kawiri, ndipo ndamupempha kuti auze aliyense wokwera ndi wotsika. Munthu sataya ntchito chifukwa cha nthabwala, amayi, ngakhale munthuyo ndi ine.

Ndibwera ndi basi ya Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Ndikubwera wopanda ntchito, wowonda, ndiponso wovuta kuphikira. Musaphe nkhuku, musagule zoziziritsa kukhosi, musaitane anthu. Sindikudziwa ngati mapiritsiwa amapezeka kumeneko mwezi ndi mwezi, tidzafunsa. Zala ziwiri za phazi lamanzere sizikumvabe, ndipo nesi akuti pakhale munthu woziyang'ana tsiku ndi tsiku, poti ine maso anga safika bwino kumeneko.

Ngati mtima wanu ulola, mubwere ku siteji nokha. Ndikatsika musandipatse moni, musalandire chikwama. Muyambe mwandinunkhiza pakamwa, pomwepo, anthu akuona. Mudzamva kabichi.

Ine mwamuna wanu.